Mlonda wa Paipi ya Mpweya

Amuna anga amagwira ntchito pansi pa madzi. Ndikatero anthu amayesa ndi asodzi, koma nsomba sagwira ngakhale imodzi. Kwathu kuno kuli sikimu ya mthirira, ndipo mapampu ake amakoka madzi mu ngalande yochokera mu Shire. Madzi akasefukira n'kubwerera, kukamwa kwa mapaipi a mapampuwo kumatsekeka ndi matope, namasupuni, nthambi, nthawi zina ndi mbuzi yakufa. Pamafunika munthu woti atsike akachotse zimenezo ndi manja. Pamalopo anatchingapo waya kuti ng'ona zisalowe, komabe amuna ambiri amakana. Anga anavomera.

Kuti azipuma ali pansipo, ali ndi kompuresa yaing'ono yofiira imene anagula kwa anthu a ku Marka, omwe ankalowera nayo pansi pa madzi tsidya la Mozambique. Ili ndi kainjini ka petulo, kathanki, ndi paipi yaitali ya labala. Injini ikalira, mpweya umayenda m'paipimo mpaka kukafika pa kachinthu kamene iwo amaluma pakamwa. M'chiuno amamanga chingwe, ndipo wotsala kumtunda amagwira chingwecho maso ali pa thovu. Thovu likamatuluka bwinobwino, ndiye kuti munthu akupuma.

Poyamba wotsala kumtunda anali mng'ono wawo. Iyeyo atapeza ntchito yodula nzimbe, chingwe chinagwera ine. Ndinayesa kukana. Ine ndine munthu amene ndikalowa mu golosale ndimaima pakona mpaka wogulitsa andifunse yekha chimene ndikufuna, ndipo akapanda kundifunsa ndimatuluka osagula mchere. Koma amuna anga anati ntchitoyi sifuna kulankhula, imafuna maso ndi manja basi. Choncho ndinkapita nawo, mwana kumsana, n'kukakhala pa chidebe m'mphepete mwa ngalande.

Vuto linali mpweya wake. Unkanunkha oilo ndi utsi. Iwo akavuuka, maso ankakhala ofiira ngati a munthu wolira maliro, mutu ukuphwanya. Akageya madzulo, nyumba yonse inkanunkha ngati galaja. Tinkaseka, mpaka tsiku limene anatuluka m'madzi n'kukhala pansi, n'kundifunsa ngati mwana wayamwa. Ndinati wayamwa. Anandifunsanso. Ndinayankha. Anandifunsanso kachikena, kenako anasanza. Kuchipatala anatiuza kuti utsi wa injini umapha mwakachetechete, munthu amangomva tulo n'kugona, ndipo wogona pansi pa madzi sadzuka. Ine ndinati asiye. Iwo anati mapampu akaima chimanga cha anthu onse chiuma, chathu chomwe, ndiye chofunika n'kukonza mpweyawo.

Tinayamba ndi nzeru zathu. Iwo anadula botolo la pulasitiki n'kulilumikiza pakati pa paipi, ine n'kudzazamo thonje la m'munda mwathu ndi chidutswa cha thewera kuti zizisefa mpweya. Poti zinali zopita m'chifuwa mwa amuna anga, thewera lija ndinalichapa ndi sopo wonunkhira amene ndinkasungira Lamlungu, ndipo sindinamutsukuluze kwambiri kuti fungo lisathe. Anatsika. Atavuuka anati pansi ponse pakununkhira ngati pa ukwati, koma mutu ukupweteka chimodzimodzi, ndipo kukhosi kukuwawa sopo.

Kenako wina anawauza kuti m'mafyuluta enieni osefera mpweya amaikamo makala. Makala tinali nawo thumba lathunthu. Ndinasinja mu mtondo, n'kusefa ndi sefa wa ufa kuti asalale bwino, poganiza kuti osalala ndiwo abwino. Tsiku limenelo sanakhalitse pansi. Anavuuka, n'kulavula kachinthu kaja, n'kundimwetulira kuti ndisaope. Mano anali bii, lilime bii, milomo ngati adya mphika. Mwana atawaona analira mpaka kubanika. Azimayi amene ankachapa chapafupi anagwa pansi ndi kuseka, wina n'kufuula kuti, "Achimwene, pansipo aphikako chiyani lero?" Iwo anakhala akulavula zakuda mpaka m'mawa mwake.

Pamenepo tinaitana makaniko wina wokonza mainjini a zigayo, bambo wamfupi wa mimba yake, wosaopa munthu. Anayang'ana botolo lathu lija n'kuliponya m'thengo. Kenako anatisonyeza pamene kompuresa imakokera mpweya. Panali pambali penipeni pa ekizozi, potulukira utsi wa injini.

"Inu mwakumba chitsime pafupi ndi chimbudzi, ndiye mukudabwa kuti madzi akununkha?" anatero.

Anati fyuluta yeniyeni ilipo, yachitsulo, yokhala ndi makala ake opangidwira ntchito imeneyo, osati athu ophikira nyemba, ndipo aitanitsa ku Blantyre pamodzi ndi oilo woyenera. Koma podikira, anatilumikizira paipi ina yaitali pamalo okokera mpweyawo, n'kunena kuti kukamwa kwake kuzikhala kutali ndi injini, kumbali kumene mphepo ikuchokera. Tinaimangirira ku nsungwi n'kuizika pansi pa mtengo wa nimu, pamthunzi. Tsiku loyamba amuna anga anavuuka akuimba nyimbo.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi anga akukhala nafe. Nyumba yawo ya ku Makhanga inapita ndi madzi, ndipo amuna anga ndi amene anakawatenga pa bwato. Amayi ankawakonda akamwini awo kuposa mmene ankandikondera ine, koma chikondi chake chinali chapatali, monga mwa mwambo. Sankakhala mphasa imodzi, sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'thengo ngakhale muli minga. Mawu onse ankadzera mwa ine. Amayi ankatha kukhala pakhonde, amuna anga pakhomo, ine ndili kuseri ndikutsuka mbale, n'kundiitana kuti ndibwere ndidzawauze apongozi kuti kwacha bwanji.

M'mawa wina amayi anatitsatira kungalande kuti azindigwirira mwana. Anayala mphasa pansi pa nimu uja, n'kuona paipi ili pa nsungwi.

"Ichi n'ninji?" anafunsa. Amayi Chisena sichiwachoka pakamwa.

Ndinawafotokozera kuti apa ndi pamene mpweya wa bambo a mwana umalowera.

"Ndiye mphuno yawo ili pano, eni ake ali uko?"

"Inde, amayi."

"Ndiye mwangoisiya yokhayokha? Mbuzi ikabwera? Ana akaikamo mchenga? Mwana iwe, unabadwa bwanji?"

Anakoka mphasa n'kukhala pansi penipeni pa paipiyo, ndodo pambali. Kuyambira tsiku limenelo paipi inapeza mlonda.

Amayi anga amafwenkha fodya wa m'mphuno. Ali ndi kabotolo kamene amamanga pa ngodya ya chitenje, ndipo akatsina fodya amakung'untha zala m'mwamba. Ine ndinali pa chidebe changa, maso pa thovu. Thovu linkatuluka bwino, kenako linaphulika lambiri nthawi imodzi, bwa! Linakhala bata. Kenako bwa! bwa! Chingwe chinagwedezeka ngati ndakola mlamba waukulu. Ndinakoka.

Amuna anga anavuuka magalasi a kumaso atadzaza mamina. Anayang'ana kumtengo, n'kuona amayi, n'kutembenuka msanga kuwapatsa msana. Anandikodola.

"Mayi a mwana," ananong'ona, "pansipa pali fodya."

"Ndi amayi."

"Ndadziwa kuti ndi iwo. Ndi wa ku Makhanga ameneyu, ndi waukali."

"Ndiye auzeni."

"Ine? Ndiwauze apongozi kuti akundiyetsemulitsa? Amayi ndi ako."

"Mphuno ndi yanu."

Tinayang'anana. Kumtengo kuja amayi anafuula kuti, "Uwauze apongozi kuti asade nkhawa, mphuno yawo ili m'manja abwino!"

Amuna anga anawomba m'manja mwaulemu ali m'madzi mpaka m'khosi. "Uwauze kuti takhuta kwambiri," anathokoza m'Chisena, n'kuyetsemula, n'kumiranso.

Madzulo tinapangana kuti tingosuntha paipi, nkhani ithe popanda wolankhula. M'mawa tinaichotsa pamthunzi n'kukaizika padzuwa, pa chulu, komwe kulibe ngakhale udzu. Dzuwa la kuno mukulidziwa, limapsereza ndi nyerere zomwe. Amayi anafika, anayang'ana pansi pa nimu, anayang'ana pa chulu, n'kubwerera kunyumba. Mtima wanga unakhala pansi. Posakhalitsa ndinawaona akubwera ndi ambulera.

Amuna anga anayesa njira yaulemu. Anandituma kuti ndikawauze apongozi kuti asadzivute ndi dzuwa, akapume kunyumba. Amayi anandituma kuti ndikawauze apongozi kuti dzuwa si kanthu, munthu amene anawanyamula pa madzi sangamusiyire mphuno yake pabwalo. Mawu amenewo anawagwira amuna anga mpaka misozi inalengeza, ndipo anandiletsa kuyambanso nkhaniyo.

Choncho masiku ankapita. Iwo ali pansi ankadziwa zonse zochitika pa chulu. Akavuuka ankandiuza kuti lero amayi adya usipa wowamba, lero apaka mafuta a nsatsi, lero mwana waipitsa thewera ali pamiyendo pawo. Kuyetsemula anakuzolowera, anaphunzira kugwira kachinthu kaja ndi dzanja kuti kasathawe pakamwa. Koma ine sindinazolowere. Thovu likaphulika, mtima wanga unkaphulika nawo, chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lina adzayetsemula n'kumeza madzi. Kumjigo ndinkayeserera mawu chamumtima: amayi, fodya wanu akulowa m'paipi. Mawu ochepa chabe. Ndikafika pamaso pawo, pakamwa pankatuluka zina: amayi, kodi mumwa madzi?

Kenako kunabwera mavu. Anayamba kuzungulira kukamwa kwa paipi, kufuna kumangamo. Amayi anawaopseza ndi ndodo, mavu osamva. Anawakupiza ndi ambulera, limodzi linawaluma pa chigongono. Ine ndinali nditayang'ana kumadzi, sindinaone pamene anatola ndowe zouma za ng'ombe, zimene timafukiza madzulo pothamangitsa udzudzu. Ndinangomva fungo. Nditacheuka ndinaona amayi atagwada pansi pa nsungwi akuuzira moto, utsi woyera wokhuthala ukukwera, paipi ikuumeza wonse ngati mwana wanjala.

Ndinayang'ana thovu. Linali litachepa.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. "Amayi, chokani pamenepo! Mukupha munthu!" Anthu amene anali kutsidya kwa ngalande anandimva. Ndinakoka chingwe ndi mphamvu zonse mpaka ndinamva kuti amuna anga akukwera, n'kuchikoleka pa chikhomo. Ndinatenga chidebe chimene ndinkakhalira, n'kutunga madzi a m'ngalande, matope ndi namasupuni momwemo, n'kuthamanga. Ndinkafuna kuthira pa moto. Koma amayi anali atagwada pakati pa ine ndi motowo, ndipo anatembenuka kuti aone amene akuwakalipira.

Moto unazima ndithu. Amayi anakhala pansi madzi akuchucha, tsamba la namasupuni lili pa duku. Mwana, amene anali pa mphasa, anaomba m'manja.

Amuna anga anakwawira kumtunda akutsokomola ngati chigayo chokana kulira. Anagona chafufumimba kanthawi, ine ndikuwasisita pamsana. Atapeza mpweya anadzutsa mutu, n'kuona apongozi awo ali chinyowere, anthu atazungulira. Anagwada m'matope momwemo, nkhope atayang'ana kumbali.

"Uwauze apongozi," anatsokomola, "kuti ulonda wa lero tauona."

Amayi anadzuka. Anafinya chitenje, anatenga ambulera yawo n'kumapita, msana uli chilili.

Kunyumba sanandilankhule. Anadya okha chakumbali, anamanga katundu wawo mu nsalu n'kumuika pakhomo. Anauza mayi woyandikana nafe, mokweza kuti ndimve, kuti akubwerera ku Makhanga, bola kukagona mumtengo kusiyana n'kusambitsidwa pagulu ndi mwana amene anamubereka okha. Ine manyazi anandigwira moti kumjigo ndinkapita anthu atachoka. Amuna anga masiku amenewo sanatsike m'madzi, chifuwa chinali chikuwawa, ndipo mapampu anayamba kukoka movutikira.

Fyuluta inafika mkati mwa mkangano umenewu. Makaniko uja anabwera nayo pa njinga, itakulungidwa m'nyuzipepala, chitsulo chonyezimira chotalika ngati mkono wa mwana. Anakhuthula oilo wakale n'kuthira watsopano, anatsuka thanki, n'kutisonyeza mmene tizitulutsira madzi amene amadikha pansi pake. Anatsegula fyulutayo kuti tione kathumba ka m'kati, n'kunena kuti kakatopa tizisintha, tisadzayerekeze kukachapa ndi sopo. Ponena zimenezi anayang'ana ine. Anatinso fyuluta imagwira oilo, fumbi ndi fungo, koma utsi wa moto ndi wa injini si wochita nawo masewera, paipi ija izikhalabe kumphepo.

Amayi anali atakhala patali pa gombe ndi mtolo wawo, akuti akudikira bwato. Mabwato anadutsa angapo, iwo osawaimitsa. Makaniko anafunsa kuti mayi aja akwiyiranji, amuna anga n'kumufotokozera motsitsa mawu. Anaseka mpaka kugwira mimba. Iye sanali mkamwini wa munthu pamenepo, choncho anangopita n'kukaima pamaso pawo.

"Mayi, tabwerani mudzalawe mpweya wa akamwini anu."

"Nkhabe!" anakana amayi. "Ine ndiike pakamwa chinthu choluma apongozi? Mwapenga?"

"Choluma ndachotsa. Ndi paipi chabe, muingoyandikiza kumphuno."

Chidwi chinawakoka. Anabwera mokhala ngati sakufuna, n'kugwira paipi ija ndi zala ziwiri. Fyuluta n'kuti asanailumikize. Makaniko anapempha kabotolo kawo ka fodya, anandipatsa ine, n'kunditumiza ku chulu. Analiza injini. Ndinatsina fodya n'kukung'untha zala pafupi ndi kukamwa kwa paipi, monga mmene amayi ankachitira.

Ndili ku chulu komweko ndinamva kuyetsemula kumene kunadzidzimutsa mbalame mu bango. Kunabweranso kwina. Nditafika ndinapeza amayi akupukuta misozi, akuyang'ana paipi, akuyang'ana chulu, akuyang'ananso paipi.

"Ameneyu ndi fodya wanga," anatero.

"Ndi wanu, mayi," anayankha makaniko.

"Wayenda ulendo wonsewu?"

"Amayenda tsiku lililonse. Tsono inu mwayetsemulira pamtunda. Ganizirani muli pansi pa ngalande, kenako wina akusonkhereni ndowe."

Amayi anaika paipi pansi. Anaponya diso kwa amuna anga, amene nthawi yomweyo anayamba kuyang'anitsitsa chala chawo cha kuphazi. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo ndinayesa kuti mwina apepesa.

"Iwe, pakamwa pako m'pa ntchito yanji? Masiku onsewa umandifunsa za madzi akumwa, kudikira tsiku loti undisambitse?" Anakoka mpweya. "Usandiyankhe. Sindikukulankhula."

Makaniko analumikiza fyuluta, n'kunditumanso ku chulu ndi fodya. Ulendo uno amayi ananunkhiza, ananunkhizanso, n'kunena kuti palibe chimene akumva, chitsulochi chawabera fodya.

Tsiku lomwelo amuna anga anatsika. Amayi anasiya mtolo pa gombe n'kukakhala kumunsi kwa mphepo, kutali ndi chulu, mwana ali pamiyendo, ndodo ili m'manja. Mnyamata wina wodutsa ndi ndudu pakamwa anamuthamangitsa mpaka kumsewu. Ine ndinagwira chingwe. Thovu linkatuluka mofanana, osaphulika, osachepa, mpaka dzuwa linafika pamutu ndipo mapampu anayamba kukoka ndi mawu awo akale. Atavuuka ndinawayang'ana m'maso. Anali oyera. Ndinafunsa za mutu, anati uli bwino, njala yokha.

Amayi anadzuka n'kubwera chapafupi. Ndinakonzeka kunyamula uthenga monga mwa masiku onse, koma anandidutsa ngati ndine chitsa. Ananyamula mwana m'mwamba, mwana woti mawu amene ankadziwa anali "mama" basi, n'kumuuza kuti, "Uwauze abambo ako kuti nkhalamba inalakwa, inkayesa ikuthandiza."

Amuna anga anagwada, n'kuyang'ana mwanayo. "Uwauze agogo ako kuti palibe mlandu. Uwauzenso kuti bwato la ku Makhanga likudontha, asakwere."

Mwana anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kuyamba kuyamwa chala. Amayi anagwedeza mutu ngati uthenga wafika bwino, n'kumutuma kuti akawauze amayi ake akatenge mtolo uja pa gombe usananyowe.